Benny Hill, Msangalatsi Amene Adamwalira Ali Yekha

M'makwalala a ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 si chachilendo masiku ano kupeza anyamata atatu kapena anai ataunjikana pa foni imodzi, akuseka mpaka kugwira nthiti. Kaŵirikaŵiri chimene amaoneracho chimakhala kanema wamfupi wa munthu akuthamangitsidwa, kaya ndi galu, kaya ndi mbuzi, miyendo ya onse ikuyenda mofulumira koposa muyeso, kwinaku kanyimbo kena ka lipenga kakulira mopupuluma. Kanyimboko ambiri amakadziŵa, koma ndi oŵerengeka okha amene angatchule dzina la munthu amene adakatchukitsa. Munthuyo ndi malemu Benny Hill, Mngerezi amene kwa zaka zoposa 30 adaseketsa anthu a m'maiko ambiri pa wailesi ya kanema, ndipo mpaka lero akuluakulu amene adaonera maseŵero ake amamkumbuka pamodzi ndi anzake amene ankaseŵera nawo.

Dzina lake lenileni lidali Alfred Hawthorne Hill. Adabadwa pa 21 Januwale 1924 mumzinda wa Southampton, doko lalikulu la sitima zapamadzi kumwera kwa England. Bambo ake ankayang'anira sitolo yogulitsa zipangizo za odwala, koma iwowo pamodzi ndi agogo ake adagwirapo ntchito yoseketsa anthu m'magulu oyendayenda, kotero kuti nthabwala zidali za kumtundu. Mnyamatayo sadapite patali ndi sukulu. Adagwira ntchito m'sitolo ya Woolworths, kenaka nkumagulitsa mkaka khomo ndi khomo pa ngolo yokokedwa ndi hatchi m'tauni ya Eastleigh, ndipo madzulo ankaimba ng'oma m'kagulu kena ka oimba. Nkhondo yaikulu yachiŵiri ili m'kati, iye adapita ku London kukayesa mwaŵi m'nyumba za zisudzo, kumene adayamba ndi ntchito yothandiza kukonza bwalo la seŵero.

M'chaka cha 1942 adamuitana ku usilikali. Kumeneko adali makaniko ndiponso dalaivala, ndipo mu 1944 adaoloka nyanja kupita ku France. Pambuyo pake adaloŵa m'gulu losangalatsa asilikali anzake. Dzina loti Benny adalitenga kwa Jack Benny, msangalatsi wa ku America amene iye ankamsirira kwambiri.

Nkhondo itatha, zinthu sizidamuyendere msanga. Adagwirizana ndi msangalatsi wina dzina lake Reg Varney, ndipo ntchito ya Hill idali yomponyera mnzakeyo mau kuti iye ndiye aseketse anthu. Vuto lake lalikulu lidali mantha: akaima yekha pamaso pa khamu la anthu, ankanjenjemera ndi kutuluka thukuta. Mu 1951, m'nyumba ya zisudzo ya Empire mumzinda wa Sunderland, anthu adamnyoza poomba m'manja mwachipongwe kufikira atatsika pabwalo. Chitachitika chimenecho adasiyana ndi Varney, nayamba kulemba timaseŵero tatifupi timene adakapereka ku BBC.

Apa ndi pamene mwaŵi wake udatulukira. Masiku amenewo wailesi ya kanema idali chinthu chachilendo ku Britain, ndipo asangalatsi ambiri otchuka ankaipeputsa, popeza adazoloŵera kufuula ndi kutambasula manja kuti ngakhale wokhala pampando wakumbuyo amve ndi kuona. Hill adazindikira kuti kamera imafuna zosiyana ndi zimenezo. Kamera imabweretsa nkhope pafupi, kotero kuti kungophethira, kungoyang'ana cham'mbali, kapena kumwetulira ngati mwana amene waba shuga, nkokwanira kuseketsa munthu amene wakhala m'nyumba mwake. Nkhope yake yozungulira, ya masaya onenepa, idali yoyenera ntchito imeneyo. Mu 1955 BBC idayamba kuonetsa pulogalamu yotchedwa The Benny Hill Show, ndipo iye amaŵerengedwa kuti ndi mmodzi mwa asangalatsi oyamba a ku Britain amene adatchuka chifukwa cha kanema osati chifukwa cha bwalo la zisudzo. Ankalemba yekha ambiri mwa maseŵero ake ndi nyimbo zake zomwe, ankatsanzira anthu otchuka, ndipo nthaŵi ina adaseŵera mbali za anthu anai, onsewo nkuoneka pamodzi m'chithunzi chimodzi.

M'chaka cha 1969 adasamukira ku kampani ya Thames Television, ndipo maseŵero amene dziko lonse limaŵadziŵa ndi a nthaŵi imeneyi. Pulogalamu iliyonse idali ndi timaseŵero tosiyanasiyana, nyimbo ndi magule, koma kaŵirikaŵiri inkatha ndi mpikisano wothamangitsana. Hill ankalakwira munthu mmodzi, uyo nkuyamba kumthamangitsa, ndipo pothaŵapo ankalakwiranso wapolisi, namwino, nkhalamba ndi ena otero, mpaka mzere wa omlondola utatalika ngati anthu opita ku dambwe, onse akuzungulira mitengo ndi mabenchi. Pojambula ankachepetsa chiŵerengero cha zithunzi zimene kamera imatenga pa sekondi imodzi, kotero kuti pozionetsa anthu ankaoneka ngati akuthamanga liŵiro losatheka. Nzeru imeneyi adaitenga ku makanema akale opanda mau, a m'nthaŵi ya Charlie Chaplin. Kanyimbo kaja dzina lake ndi Yakety Sax, ndipo mwini wake ndi Boots Randolph, woimba wa ku America.

Pajatu mutu umodzi susenza denga. Monga momwe Izeki sakadakoma popanda Jakobo, Hill nayenso adali ndi anzake amene anthu ankaŵayembekezera. Padali Henry McGee, munthu wooneka waulemu ndi wodekha, amene ankafunsa mafunso anzeru nkulandira mayankho opusa popanda kusintha nkhope. Padali Bob Todd, wamtali, wa nkhope ya munthu amene zamsokonekera. Koma amene ankakondedwa koposa ndi Jackie Wright, kamdala kakafupi kadazi kochokera ku Belfast, kamene Hill ankakaomba timbama tofulumira pa dazipo pafupifupi m'pulogalamu iliyonse, iko kali phee ngati sikakumva. Mwini wakeyo ankasintha maina ndi zovala, ndipo mwa anthu onse amene ankaŵaseŵera wodziŵika kwambiri ndi Fred Scuttle, chitsiru chodzimva chanzeru, cha magalasi ozungulira ndi chipewa chopendekeka, chimene chinkachita sailuti mokhotakhota.

Mu 1971 pulogalamu yake idaonedwa ndi anthu oposa 21 miliyoni ku Britain, ndipo pa Khirisimasi ya chaka chomwecho nyimbo yake yotchedwa Ernie, yosimba za munthu wogulitsa mkaka, idaposa nyimbo zonse pa malonda m'dzikomo. Ntchito imene adaigwira ali mnyamata ku Eastleigh idamlipira patapita zaka 30. Adaonekanso m'makanema aakulu monga Chitty Chitty Bang Bang wa mu 1968 ndi The Italian Job wa mu 1969. Kuyambira mu 1979 maseŵero ake adayamba kuonetsedwa ku America, ndipo adagulitsidwa m'maiko pafupifupi 100. Chinsinsi chake chidali chakuti mbali yaikulu ya nthabwala zake sinkalira Chingerezi. Munthu akaterereka nkugwera m'madzi, kapena akamadzitama pamaso pa mkazi kenaka buluku nkumgwa, wa ku Spain ndi wa ku Mgona amaseka chimodzimodzi.

Muno m'Malaŵi nkhani idali ina. Pa zaka zonse zimene Hill adali pa ntchito, dziko lino lidalibe wailesi ya kanema, pakuti Television Malawi idayamba mu 1999, iye atagona kale m'manda zaka zisanu ndi ziŵiri. Anthu ankasekera pa wailesi ya MBC ndi m'maholo a zisudzo, kumene magulu onga Kwathu ankadzaza anthu. Amene adamuonako Hill m'masiku amenewo ndi aja adakhalako kunja kapena adapeza makaseti a vidiyo. Ndiponso nzosachita kufunsa kuti maseŵero ake ambiri sakadaloledwa poyera m'dziko limene lidali ndi bungwe lopima makanema ndi mabuku, ndi lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala zazifupi kapena mathalauzi, limene lidathetsedwa mu 1993.

Nkhani ya akazi yomweyi ndiyo idamgwetsa kwao. Cha m'ma 1980 pulogalamuyo idakhala ndi gulu la atsikana ovina lotchedwa Hill's Angels, amene kaŵirikaŵiri ankavala zosabisa thupi. Anthu ambiri, makamaka amai ndi asangalatsi achinyamata monga Ben Elton, adayamba kudandaula kuti maseŵerowo akuchepsa akazi ndi kuŵasandutsa zinthu zongoyang'ana. Enanso sankakondwa ndi nthabwala zake zonyodola kalankhulidwe ka anthu a mitundu ina, monga a ku China. Hill ndi omkonda ankayankha kuti m'maseŵero ake wopusa ndi wogonja nthaŵi zonse adali mwamuna, ndi kuti iye ndiye ankathamangitsidwa. Yankholo lidali ndi choona chake, komabe silidathetse mlandu wonse, pakuti mtsikana amene waikidwa m'chithunzi chifukwa cha miyendo yake yokha sapatsidwa ulemu ngakhale mwamuna womsirirayo atagwera m'dzenje. Nthaŵi idasintha, koma Hill adachedwa kusintha nayo. Mu 1989, chaka chomwe Jackie Wright adamwalira, mkulu wa za msangulutso ku Thames, John Howard Davies, adamuitana nkumuuza kuti pulogalamu yake yatha. Adali atagwira ntchito pa kampaniyo zaka 20.

Munthu wina akadatonthozedwa ndi banja lake, koma Hill adalibe banja. Sadakwatirepo ndipo sadabereke mwana. Akazi amene adaŵafunsira adamkana. Ngakhale adali ndi chuma chochuluka, sadagule galimoto, ankakhala m'nyumba ya lendi, ankayenda pansi mitunda italiitali, ndipo ankakagula yekha zakudya zotsika mtengo nkuzinyamula m'majumbo. Chimene ankakonda ndi kupita ku France, pakuti ankalankhula bwino Chifalansa, ndipo kumeneko ankakhala pakhonde la malo odyera nkumaonerera anthu odutsa, akulemba zoseketsa zimene waona. Moyo wake wonse udali ntchito, ndipo ntchitoyo itachotsedwa padatsala zochepa.

Chodabwitsa nchakuti pamene kwao ankamkana, kunja ankamlemekeza. Mu 1991 adalandira mphotho ya dzina la Charlie Chaplin ku Vevey m'dziko la Switzerland, ndipo mwana wa Chaplin, Eugene, adamuonetsa makaseti a maseŵero a Hill amene bambo ake ankasunga. Kwa munthu amene adaphunzira luso lake poonera Chaplin, palibe ulemu wina umene ukadaposa umenewo. M'mwezi wa Febuluwale 1992 adadwala mtima, ndipo ali m'chipatala ku London woimba wotchuka Michael Jackson adabwera kudzamzonda. Madokotala adamlangiza kuti achitidwe opaleshoni, koma iye adakana nabwerera kunyumba.

Pa nyengo ya Pasaka, m'mwezi wa Epulo 1992, Benny Hill adamwalira m'nyumba yake ku Teddington ali ndi zaka 68. Adafera pampando, atayang'ana wailesi ya kanema, ndipo padapita masiku aŵiri wina asadadziŵe. Amene adampeza ndi Dennis Kirkland, mnzake amene ankatsogolera kajambulidwe ka maseŵero ake, amene ataona kuti lamya siikuyankhidwa adachita kukwera makwerero nkusuzumira pazenera. Masiku omwewo kampani ina ya kanema, ya Central, idali itakonza zoti ayambenso ntchito. Adaikidwa m'manda a Hollybrook kwao ku Southampton. Chuma chake, choposa mapaundi 7 miliyoni, adachilembera makolo ake m'kalata yakale imene sadaisinthe, ndipo popeza makolowo adali atamwalira kale, chidagaŵidwa kwa ana a abale ake. M'mwezi wa Okutobala chaka chomwecho mbava zidafukula manda ake chifukwa cha mphekesera yakuti adamuika pamodzi ndi golide, ndipo mandawo adachita kuŵatsekanso ndi chimwala cha simenti. Bob Todd adamwalira mwezi womwewo, ndipo Henry McGee adatsatira mu 2006.

Kwa munthu wa ku Chinsapo kapena ku Area 23, mbali yovuta kuimvetsa m'mbiri imeneyi si kutchuka kapena kugwa kwake, koma masiku aŵiri aja. Kumene nyumba zili zogundizana ndipo madzi amatunga pa mpope umodzi, chitseko chikakhala chotseka mpaka dzuŵa kufika pamutu, mai woyandikana naye amagogoda. Maliro akagwa, masamba amaikidwa pamseu, amfumu amauzidwa, ndipo ngakhale wosauka amagonedwa ndi anthu usiku wonse. Akuluakulu adati kali kokha nkanyama. Hill adali ndi omuonera mamiliyoni ndi ndalama zosaŵerengeka, koma adasoŵa womgogodera pachitseko. John Nyanga, amene ankaseŵera Izeki, atamwalira mu 2016, ndiponso Eric Mabedi, Jakobo uja, atatsatira mu 2021, Amalaŵi adaŵalira ngati abale awo, ndipo m'menemo asangalatsi aŵiriŵa adalandira chimene Mngereziyo sadachipeze.

Zina mwa nthabwala za Benny Hill zidakalamba, ndipo nkoyenera kuti zidatero. Koma mpikisano wothamangitsana uja ukadali moyo. Mu Julaye 2022, tsiku limene nduna yaikulu ya Britain, Boris Johnson, idalengeza kuti itula pansi udindo, anthu ochita zionetsero adaliza Yakety Sax pa zokuzira mau kunja kwa nyumba ya malamulo ku London, ndipo aliyense womva adadziŵa tanthauzo lake. Nawonso anyamata a ku Kawale aja akamaseka ataunjikana pa foni, amasekera luso la mnyamata wamantha wa ku Southampton amene ankagulitsa mkaka pa ngolo ya hatchi, ngakhale dzina lake sadalimvepo.