Mary Smith, Namwali Amene Anadikira Zaka Zitatu

Ambiri a ife timadziwa dzina la Robert Moffat, mpongozi wa David Livingstone. Koma mbiri ya mkazi wace, Mary Smith, siimveka kawirikawiri m'sukulu zathu, cinkana kuti pakadapanda kupirira kwace banja limenelo silikadakhalapo.

Mary anabadwa m'caka ca 1795 pafupi ndi mzinda wa Manchester ku Mangalande. Atate wace, a James Smith, anali ndi munda waukuru wofesamo mbande za mitengo ndi maluwa pa mudzi wa Dukinfield. Mary anaphunzira pa sukulu ya mpingo wa Moravian ku Fairfield, kumene anali kumva za amishoni opita ku maiko akutali, ndipo mtima wace unayamba kukhumba nchito yomweyo.

Robert anabadwa caka comweco ku Ormiston, m'dziko la Scotland. Iye sanapite patali ndi sukulu, ndipo nchito yace inali yolima maluwa. Pamene anapempha kuti atumidwe ndi London Missionary Society, mbusa William Roby wa ku Manchester anamfunira nchito m'munda wa a Smith, kuti akhale pafupi ndi kumamphunzitsa. Momwemo wanchito ndi mwana wa mwini munda anadziwana. Poceza anapeza kuti cimene wina anali kulakalaka ndico cimene mnzace analakalakanso. Cikondi cinakula, ndipo anapangana za ukwati.

Apa mpamene panabuka bvuto. Makolo a Mary sanamude mnyamatayo, koma Mary anali mwana wao wamkazi mmodzi yekha. Masiku amenewo ulendo wa pa nyanja wofika ku Cape Town unali wa miyezi itatu, ndipo wopita kumeneko sanali kuyembekezeka kubweranso msanga. Cifukwa cace anakana. Mary anali wamkuru ndithu, wa zaka 21, koma sanafune kucoka pakhomo popanda mdalitso wa makolo. Cotero m'mwezi wa October 1816 Robert anakwera combo yekha, nafika ku Cape Town mu January 1817.

M'caka ca 1818 iye anali ku Namaqualand, pa mudzi wa Jager Afrikaner, mfumu imene Azungu a ku Cape anali kuiopa kwambiri. Anali kugona m'kanyumba ka mphasa, ndi kudya mkaka ndi nyama youmitsa. Cakumapeto kwa caka cimeneco inamfika kalata yowawa: Mary analemba kuti wataya ciyembekezo ca kubwera, popeza atate wace anakanitsitsa. Komabe Robert sanafune mkazi wina, ndipo nayenso Mary sanalole mwamuna wina.

Patapita miyezi, mitima ya makolo inafewa, nabvomera okha. Mary ananyamuka mu September 1819, ndipo awiriwo anakwatirana ku Cape Town pa 27 December 1819, patatha zaka zitatu cisiyanirane.

Zimene makolo anaopa sizinali zabodza. Ulendo wopita kumpoto unali wa pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, masabata ambiri. Atayamba akhala ku Griquatown, kumene kunabadwa mwana wao woyamba Mary mu 1821, anakhazikika ku Kuruman pakati pa Atswana. Kumeneko anaona cilala ndi nkhondo, anaika ana ena m'manda, ndipo anadikira kufikira 1829 asanaone obatizidwa oyamba. Robert anali kuyenda maulendo atali a miyezi yambiri. Pa nthawi zotere Mary ndiye anali kusunga banja ndi kuyang'anira za pa mishoni. Cifukwa ca cithandizo cimeneci mwamuna wace anapeza mpata womasulira Baibulo lonse m'Setswana, nalitsiriza mu 1857. Anabwerera ku Mangalande mu 1870. Mary anamwalira mu January 1871, atakhala m'banja zaka 51, ndipo Robert anamtsata mu 1883.

Banja limeneli linafika ndi kuno kwathu. Mwana wao Mary anakwatiwa ndi Livingstone mu 1845, ndipo mdzukulu wao Malcolm Moffat anagwira nchito pa mishoni ya Chitambo. Sukulu yophunzitsa aphunzitsi ya ku Serenje inapatsidwa dzina lace.

Aphunzitsi anzanga, nafenso timatumidwa kutali ndi kwathu, ndipo ena amasiya kumudzi namwali amene anamtomera, nkhani ya ukwati ikali m'manja mwa ankhoswe ndi makolo. Pakacedwa yankho, kumakhala kwapafupi kukwiya, kuthawitsana, kapena kuiwala pangano. Mary ndi Robert anasunga pangano lao, nasunganso ulemu wa makolo, ngakhale pamene kalata inanena kuti zonse zatha. Ndi bwino kuti anyamata ndi atsikana athu a m'makalasi apamwamba aimve mbiri imeneyi.