Perkin: Adafuna Kwinini, Adapeza Utoto

Amalonda a zitenje ndi ophunzira sayansi ayenera kulidziwa dzina la William Henry Perkin. Utoto wambiri womwe umakongoletsa nsalu masiku ano ndi wa m'fakitale, ndipo ntchitoyi adaiyambitsa ndi iyeyu.

Perkin adabadwira ku London m'chaka cha 1838. Ali ndi zaka 15 adalowa sukulu ya Royal College of Chemistry komwe mphunzitsi wake adali August Hofmann wa ku Germany. Nthawi imeneyo mankhwala a malungo, kwinini, ankachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America ndipo ankadula kwambiri. Patchuthi cha Pasaka mu 1856, mnyamatayu adayesa kupanga kwinini kuchokera ku phula la malasha. Zidakanika. M'botolo mudangotsala zinthu zakuda bii. Pozitsuka ndi sipiriti adaona mtundu wa pepo, ndipo atanyikamo nsalu ya silika, mtunduwo sudasuluke.

Wina akadangotaya. Iye adatumiza nsaluyo kwa onyika nsalu a Pullar ku Perth kuti amve ngati ndi malonda. Atamuyankha bwino adatenga chiphaso cha boma choteteza luso lakelo, nasiya sukulu ngakhale Hofmann sadakondwe nazo. Bambo ake adaikapo ndalama zomwe adasunga, mkulu wake Thomas adagwira za bizinesi, ndipo mu 1857 adamanga fakitale ya Perkin and Sons ku Greenford. Utoto wa mauve udagulidwa ngati zitumbuwa, mpaka Mfumukazi Victoria adauvala.

Koma mpikisano sudachedwe. Mu 1869 adapeza njira yopangira utoto wofiira wa alizarin, koma a kampani ya BASF ya ku Germany adamutsogolera ndi tsiku limodzi lokha kukalembetsa. Alimi a ku France omwe ankalima chomera cha madder, gwero la utoto wofiirawo, msika udawathera m'zaka zochepa. Mu 1874 Perkin adagulitsa fakitale nkubwerera ku kafukufuku. Adamwalira mu 1907.

Pofika 1914 utoto wambiri wa dziko lonse unkapangidwa ku Germany, osati ku Britain komwe udatulukiridwa. Chifukwa chake? Makampani a kumeneko, monga BASF, Bayer ndi Hoechst, ankalemba ntchito akatswiri ambirimbiri ochokera m'mayunivesite, pomwe Perkin adali munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Nzeru za wophunzira zikapanda ndalama za wamalonda, ndi boma lophunzitsa anthu ochuluka, phindu lake amadya ndi ena.