Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene anasankha mtsikana kuti apite ku Mars

Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira, mphunzitsi wina wa mu Lusaka anali ndi chikonzero chakechake. A Edward Mukuka Nkoloso anafuna kuti roketi yawo inyamuke pa bwalo la Independence Stadium, kufupi ndi Matero, khamu lonse likuonerera. Akuluakulu okonza mwambowo sanavomere. Roketiyo sinauluke tsiku limenelo ngakhale tsiku lina lililonse, ndipo kwa zaka zambiri dzina la a Nkoloso linali loseketsa anthu. Komabe m'chikonzero chawocho munali mfundo imodzi yofunika kuikumbukira: munthu amene anamusankha kuti akafike ku pulaneti la Mars anali mtsikana.

A Nkoloso anabadwa m'chaka cha 1919 kumpoto kwa dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse analowa usilikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo anakwezedwa kukhala sajeni m'chigawo chotumiza ndi kulandira mauthenga. Ntchito imeneyi inawazoloweretsa mawaya, mabatire ndi makina a wailesi pa nthawi imene anthu akuda ochepa kwambiri ndiwo ankaloledwa kugwira zipangizo zotere. Nkhondo itatha anagwira ntchito yomasulira zilankhulo m'boma la atsamunda, kenaka anayamba uphunzitsi. Anatsegula sukulu yawoyawo, koma akuluakulu a boma anaitseka.

Kutsekedwa kwa sukuluyo kunawakankhira ku ndale. Analowa m'gulu la anthu omenyera ufulu, ndipo anamangidwa m'chaka cha 1956 komanso cha 1957. Pambuyo pake anapatsidwa udindo woona za chitetezo m'chipani cha UNIP chimene ankatsogolera a Kenneth Kaunda. Choncho pamene anayamba kulankhula za ulendo wa kumwezi, anthu a mu Lusaka ankawadziwa kale monga msilikali wakale ndi munthu amene analawapo ndende chifukwa cha dziko lake.

M'chaka cha 1960 anakhazikitsa bungwe limene analitcha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Inali nyengo imene mayiko a America ndi Soviet Union ankapikisana pa zoulutsa zombo mumlengalenga. Dziko la Soviet Union linali litatumiza kale Sputnik m'chaka cha 1957, ndipo mu 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko lapansi ali m'chombo. A Nkoloso analengeza kuti Zambia iposa mayiko awiriwo. Anasonkhanitsa achinyamata 12 pa famu ina yosiyidwa, makilomita pafupifupi 11 kuchokera mu mzinda wa Lusaka, ndi kuwatcha dzina latsopano lakuti Afronauts, kutanthauza oyenda mumlengalenga a ku Africa.

Maphunziro a pa famupo ndi amene anakopa atolankhani akunja. Wophunzira ankalowa mu mgolo wa mafuta wa malita 200, anzake n'kumugubuduza pa chitunda kuti azolowere kugwedezeka kwa chombo. Ankakweranso katungwe, ndipo chingwe chinkadulidwa katungweyo akafika pamwamba, kuti wophunzira amve mmene thupi limapepukira kumene kulibe mphamvu yokokera zinthu pansi. Ena ankaphunzira kuyenda ndi manja. Roketi yawo, yotchedwa D-Kalu 1 polemekeza a Kaunda, inali yooneka ngati mgolo waukulu, yopangidwa ndi aluminiyamu ndi mkuwa. A Nkoloso analembera bungwe la UNESCO kupempha thandizo la mapaundi 7 miliyoni, koma ndalamazo sizinabwere, ndipo boma la Zambia linanena poyera kuti ntchitoyo sinali yake.

Mnyamata wina, Godfrey Mwango, ndiye anakonzedwa kuti apite kumwezi. Ulendo wautali koposa, wa ku Mars, anaupereka kwa Matha Mwamba, mtsikana wosakwana zaka 18, amene anayenera kunyamuka pamodzi ndi amphaka awiri. Kuti munthu amvetse kukula kwa chisankho chimenechi, ayenera kukumbukira mmene zinthu zinalili. Mkazi woyamba kupita mumlengalenga, Valentina Tereshkova wa ku Soviet Union, anauluka mu Juni 1963, chaka chimodzi chokha Zambia isanalandire ufulu. Dziko la America linadikira mpaka 1983 kuti litumize mkazi woyamba, Sally Ride, ndipo mkazi woyamba wakuda, Mae Jemison, anapita mu 1992.

M'dziko la Zambia momwemo mpata wa mtsikana unali wochepa kwambiri. Pa nthawi ya ufulu, nzika zimene zinali ndi digiri zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo akazi pakati pawo anali owerengeka. Yunivesite munalibe m'dzikomo kufikira University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Anyamata anzeru ankapita ku Munali mu Lusaka, pamene atsikana ochepa amene anafika ku sekondale ankadalira sukulu za mishoni monga Chipembi. Ambiri ankalekezera ku pulayimale, kumene ankalimbikitsidwa kusoka, kuphika ndi kusamala pakhomo. M'nyengo yotere, mphunzitsi amene anaimika mtsikana pamaso pa makamera ndi kunena kuti ameneyu ndiye adzaimira dziko kuthambo anachita chinthu chachilendo.

Koma ulendo wa Matha unathera pa famu pomwepo. Malinga ndi zimene a Nkoloso anafotokozera atolankhani, ophunzira awo anayamba kutanganidwa ndi zibwenzi, Matha anatenga pathupi, ndipo makolo ake anamutengera kumudzi. Anyamata ena anabalalika kukafuna ntchito zina. Pamene Neil Armstrong anaponda pamwezi mu Julayi 1969, sukulu ya a Nkoloso inali itatha mphamvu.

Apa ndi pamene mbiri yawo ili ndi phunziro lowawa. A Nkoloso anapatsa mtsikanayo dzina lalikulu ndi loto lalikulu, koma analibe labotale yomuphunzitsiramo, mabuku a masamu ndi fizikisi, kapena aphunzitsi odziwa za uinjiniya. Analibenso njira yomutetezera pakati pa gulu la anyamata, ngakhale yomubwezera ku maphunziro atabereka. Zimene zinachotsa Matha pa famupo ndi zomwe zinachotsa atsikana ambirimbiri a m'Zambia m'makalasi kwa zaka makumi atatu zotsatira, chifukwa mtsikana wotenga pathupi ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Boma linasintha zimenezi mu 1997, pamene linakhazikitsa lamulo lolola atsikana kubwerera ku sukulu akabereka.

Moyo wa a Nkoloso sunathere pa roketi. Anapikisanapo pa udindo wa meya wa Lusaka koma sanapambane. A Kaunda anawapatsa ntchito ku Liberation Centre mu Lusaka, malo amene ankathandiza magulu omenyera ufulu a mayiko oyandikana ndi Zambia. Ankalimbikitsanso boma kuti lizindikire ntchito ya asing'anga pambali pa madokotala a m'zipatala. Atapuma pa ntchito anabwerera ku sukulu, ndipo mu 1983, ali ndi zaka zoposa 60, analandira digiri ya zamalamulo ku University of Zambia. Anamwalira pa 4 Malichi 1989, ndipo anaikidwa m'manda mwaulemu wa boma.

Patapita zaka zambiri, mbiri yawo inadzukanso. Wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la zithunzi lotchedwa The Afronauts mu 2012, ndipo mu 2014 kunatuluka filimu yaifupi ya dzina lakuti Afronauts, imene inaika Matha pakati pa nkhani. Mlembi wobadwira mu Lusaka, Namwali Serpell, anafufuza moyo wa a Nkoloso, ndipo m'buku lake la nthano la mu 2019, The Old Drift, anayerekeza Matha akukhala m'komboni ya Kalingalinga. Mpaka lero anthu amatsutsanabe za cholinga cha a Nkoloso. Ena amati ankakhulupiriradi za ulendowo, ena amati ankaseka atsamunda mochenjera, makamaka chifukwa ananenanso kuti adzatumiza mmishonale ku Mars atamulangiza kuti asakakamize nzika za kumeneko kulowa Chikhristu.

Komboni ya Kalingalinga ili pafupi kwambiri ndi University of Zambia, kumene amaphunzitsa uinjiniya, za migodi, sayansi ndi masamu. Mtunda ndi waufupi, koma kwa mtsikana wa m'komboni njira yake ikadali ndi zopinga: kutunga madzi m'mawa, kulera abale ake, kugulitsa pa msika, kusowa malo abata owerengera, ndi mawu akale akuti masamu ndi a anyamata. Zina mwa zopingazi zachepa. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka kumapeto kwa sekondale, ndipo mu 2023 lamulo linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, kuphatikizapo ukwati wa mwambo. M'sukulu zambiri muli makalabu a JETS, kumene ana amapanga ndi kuonetsa zinthu za sayansi, ndipo bungwe la United Nations linapatula tsiku la 11 Febuluwale kukhala lokumbukira amayi ndi atsikana pa sayansi.

Ntchito yodikira atsikana amenewa ili pafupi kuposa Mars. Ku Kanyama, Chawama ndi George madzi amadzaza m'makwalala nyengo ya mvula, zimbudzi zimasefukira m'zitsime zosaya, ndipo kolera imabwerera. Mu 2018 komanso mu 2024, bwalo la National Heroes Stadium, loyandikana ndi lija limene a Nkoloso anafuna kuulutsirapo roketi, linasandutsidwa chipatala cha odwala kolera. Makomboni akufunika mainjiniya a madzi ndi ngalande, akatswiri oyeza madzi m'labotale, ndi odziwa masamu owerengera kufala kwa matenda. A Nkoloso anaona msanga kuti mtsikana wa m'Zambia angathe kuikidwa patsogolo pa ntchito ya sayansi. Gawo limene iwo analephera, lomusunga m'kalasi mpaka amalize, lili m'manja mwa makolo, aphunzitsi ndi boma.