Luca Pacioli, mphunzitsi wa masamu amene anafalitsa buku la malonda

Pa Maramba Market ku Livingstone, ogulitsa kapenta olo salaula ambili ali na kabuku kolembamo amene atenga katundu pa nkhongole. Vuto ni yakuti kabuku kaja kamakamba mbali imodzi cabe, ya amene sanalipile. Sikaonetsa kuti ndalama ya oda yatsala zingati. Ndiye munthu agulitsa mwezi wonse, kumapeto apeza kuti kapito yadyeka. Mankhwala a vuto iyi anawalemba kale-kale munthu wa ku Italy, dzina lake Luca Pacioli.

Pacioli anabadwa ca m'ma 1447 mu tauni ya Sansepolcro. Akali mnyamata anapita ku Venice, mzinda wa malonda, kukaphunzitsa ana atatu a wamalonda wina, Antonio Rompiasi. Kumeneko anaona mmene amalonda anali kulembela ndalama zawo. Pambuyo pake analowa gulu la Akatolika la Franciscan, limene anthu ake amalumbila kukhala osauka, ndipo anayamba kuphunzitsa masamu ku Perugia na mizinda ina. Zodabwitsa, munthu wokana cuma ndiye anaphunzitsa anthu kusunga cuma.

Mu 1494 buku lake, Summa de arithmetica, linasindikizidwa ku Venice. Njila imene anafotokozamo siinali yake, amalonda anali kuisewenzetsa kale. Iye anaiyika pa pepa kuti aliyense aphunzile. Coyamba, uwelenge zonse zimene uli nazo na nkhongole zako. Ukatelo usunge mabuku atatu: lolembamo msanga zocitika za tsiku, lina loziika mu ndondomeko na mitengo yake, na lalikulu la maakaunti. Ciliconse cilembedwa kawili. Ukaoda katundu wa K500, ulemba kuti katundu wangena wa K500, ulembanso kuti ndalama yacoka K500. Mbali ziwili izi zikapanda kulingana, ninshi penapake palakwika.

Ku Milan anakhala bwenzi la Leonardo da Vinci, n'kumuphunzitsa masamu. Leonardo ndiye anajambula zithunzi za m'buku lina la Pacioli, De divina proportione, la mu 1509. Asilikali a France atalanda Milan mu 1499, onse awili anacokamo. Pacioli anamwalila mu 1517.

Manje njila ija inakula. Makampani masiku ano amatsatila malamulo a dziko lonse a kalembedwe ka maakaunti, ochedwa IFRS, amene bungwe la maakauntanti la ZICA linavomeleza kuno ku Zambia mu 2005. Kuyambila pa 1 January 2027 kudzabwela lamulo latsopano, IFRS 18, losintha mmene kampani ionetsela phindu na kuluza kwake. Musakambe kuti ni nkhani ya mabwana a mataye cabe. Ndalama zina zimene NAPSA imadula ku malipilo anu zimagula masheya mu makampani a pa Lusaka Securities Exchange, ndipo mabuku awo akanama, ni penshoni yanu imene ili pa ngozi.

Malamulo amasintha, koma pansi pake pakali mizele iwili ija ya Pacioli. Kaya ndimwe kondakita wowelenga kashing'i usiku, kaya muli na kantemba, lembani kumene ndalama yacokela na kumene yapita.