Andrew Murray, mbusa amene adagonja kukhoti

Dandaulo lakuti Chikhristu chazirala silachilendo. Mukalimva pamaliro, mukalimva mu minibasi, ngakhale pamsika pamene amayi a kaunjika akudikira ogula. Ena akuti abusa a masiku ano ndi amantha, ena akuti mipingo yakale yasanduka malo okaonetsera zovala, ndipo enanso akuti mankhwala ake ndi kubwerera ku chiphunzitso cha makolo mosanyengerera munthu. Ine lero ndati tione moyo wa mbusa wina amene adalimbana ndi matenda omwewa ku South Africa zaka zoposa 150 zapitazo. Mbusayu ndi Andrew Murray.

Dzina lakuti Murray ambiri timalidziwa kaamba ka sukulu ya William Murray ku Nkhoma ndiponso Buku Lopatulika. Koma a Murray amene adabwera kuno adali nthambi chabe. Tsinde lake ndi bambo awo aakulu, a Andrew, amene ntchito yawo adaigwirira ku South Africa konko.

A Murray adabadwa pa 9 May 1828 ku Graaff-Reinet. Bambo awo, amenenso dzina lawo lidali Andrew Murray, adali mbusa wochokera ku Scotland yemwe adabwera mu 1822 kudzatumikira mpingo wa Dutch Reformed, mpingo wa Mabunu. Mkuluyu adali ndi chizolowezi chodzitsekera m'chipinda Lachisanu lililonse madzulo kupempherera chitsitsimutso, ndipo adachita zimenezi kwa zaka zambirimbiri osaona kanthu. Mu 1838 adatumiza Andrew, ali ndi zaka 10 zokha, pamodzi ndi mkulu wake John kukaphunzira ku Aberdeen, kumene ankakhala ndi mbale wa bambo awo. Atamaliza kumeneko mu 1845, anyamatawa adapita ku Utrecht, m'dziko la Holland, kukaphunzira za ubusa.

Ku Utrecht nkumene Andrew adaona koyamba mpingo wozizira. Aphunzitsi ambiri a zaumulungu panthawiyo ankaphunzitsa Baibulo ngati buku la makhalidwe abwino basi, zozizwitsa ndi kutembenuka mtima ankaziona ngati nkhani za anthu osaphunzira. Anyamata awiriwa adalowa kagulu ka ophunzira kotchedwa Sechor Dabar, komwe kankakumana kuwerenga Mawu ndi kupemphera. Popeza pamisonkhano yawo sankamwa vinyo, anzawo ankawanyodola kuti ndi kalabu ya chokoleti. Inu ana a sukulu amene mumasekedwa chifukwa chopita ku mapemphero a madzulo, dziwani kuti chipongwe chimenechi sichidayambe ndi inu. Ndi komwekonso ku Utrecht kumene Andrew adalembera makolo ake kuti watembenuka mtima. Taganizani, mwana wa mbusa, wophunzira ubusa, nkudzatembenuka mtima ali kale pasukulu ya ubusa!

Adadzozedwa pa tsiku limene ankakwanitsa zaka 20, mu 1848, ndipo chaka chotsatira adatumizidwa ku Bloemfontein. Kumeneko poyamba adali mbusa yekhayo wa mpingo wawo m'dera lonse la pakati pa mitsinje ya Orange ndi Vaal, ndipo ankawolokanso Vaal pangolo ya ng'ombe kukabatiza ana ndi kumangitsa maukwati a Mabunu amene adakhala zaka popanda mbusa. Maulendowo adawawonongera thanzi. Mu 1856 adakwatira Emma Rutherfoord wa ku Cape Town.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya ku Worcester, kumene adasamukira mu 1860. Tsiku lina madzulo achinyamata adali ndi mapemphero awo muholo ya mpingo. Mtsikana wina wantchito, mkaladi wa zaka ngati 15, adapempha kuti naye apereke nyimbo ndi kupemphera. Wotsogolera, J.C. de Vries, adayamba wazengereza, kenaka adamulola. Mtsikanayo ali mkati mopemphera, holo yonse idangoti wowowo, aliyense akupemphera mokweza, ena akulira. Mkulu wa mpingo wina adathamanga kukaitana abusa. A Murray atafika adayesa kukhalitsa anthu chete, adayesa kuyambitsa nyimbo, koma panalibe wowamvera, mpaka adatuluka atakwiya. Chinthu chimene bambo awo adachipempherera zaka zonse zija chidafika, mwana wawo nkufuna kuchithamangitsa chifukwa chabwera ndi phokoso, komanso mwina chifukwa chadzera pakamwa posayembekezeka. Padatenga masiku kuti avomere kuti imeneyi idali ntchito ya Mulungu. Atavomera sadabwererenso m'mbuyo, ndipo chitsitsimutsocho chidafalikira m'mipingo yambiri ya ku Cape.

Tsono apa ndi pamene nkhondo idayambira. Mu 1862, ali ndi zaka 34, a Murray adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa sinodi ya ku Cape, udindo umene adaugwira kasanu ndi kamodzi pamoyo wawo. Mumpingomo mudali abusa ena amene adabwera ku Holland ndi chiphunzitso chatsopano chija. Mmodzi mwa iwo, J.J. Kotzé wa ku Darling, adakana poyera mbali ina ya yankho la funso 60 m'katekisma wa Heidelberg, pamene pamanena kuti ngakhale wokhulupirira mtima wake umapendekerabe ku zoipa. Wina, T.F. Burgers wa ku Hanover, adamuimba mlandu wokana kuti Satana aliko ngati munthu payekha, ndi mfundo zina zokhudza Khristu. Mpingo udawaimitsa onse awiri. Iwo sadakhale pansi, adathamangira kukhoti la boma.

Pamlandu wa Kotzé mu 1864, loya wa sinodi adadwala, ndipo a Murray adaimirira okha pamaso pa oweruza kuteteza mpingo. Mfundo yawo idali yakuti khoti la dziko lilibe mphamvu pa nkhani za chiphunzitso. Adayankhula bwino, koma adagonja. Pamlandu wa Burgers adagonjanso. Adakwera sitima ya pamadzi mu 1866 kukachita apilo ku London, ku bwalo lalikulu la ufumu wa Britain lotchedwa Privy Council, ndipo mu 1867 nalonso lidagamula mokomera Burgers. Oweruza sadanene kuti katekisma ngolakwa ayi. Chimene adapeza nchakuti mpingo, pothamangira kulanga, sudatsate bwino malamulo ake omwe a kaweruzidwe ka milandu. Apa ine sindingawaikire kumbuyo a Murray ndi anzawo. Kukhala ndi chiphunzitso choona sikupatsa munthu chilolezo cholumpha malamulo amene adalemba yekha, ndipo akuluampingo amene amachotsa anthu mumpingo mwaphuma, nkumadabwa akaitanidwa kukhoti, akadawerenga nkhani imeneyi.

Kotero abusa awiri aja adabwerera pa maguwa awo. Burgers adafika pokhala pulezidenti wa Transvaal mu 1872. Munthu woonera patali akadati basi, a chiphunzitso chakale agonja. Koma pasanathe zaka zambiri gulu la chiphunzitso chatsopano lidafota lokha mumpingomo ngati nkhwani zothyola m'mawa. Chidachitika nchiyani?

Yankho lake silili kukhoti. Mu 1859 mpingo udatsegula sukulu yakeyake ya ubusa ku Stellenbosch, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi awiri oyamba adali John Murray, mkulu wawo uja, pamodzi ndi N.J. Hofmeyr. Kuyambira pamenepo anyamata sankafunikanso kupita ku Holland. Ambiri mwa anyamata amene adadzaza sukuluyo adali zipatso za chitsitsimutso cha 1860. Sinodi idakhazikitsanso lamulo lakuti mbusa wophunzira kunja ayambe wafunsidwa za chikhulupiriro chake asanapatsidwe mpingo. Mwa njira imeneyi, Kotzé adasunga guwa lake koma adasowa omulowa m'malo. M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu, ndipo a Murray adaumvetsa mwambi umenewu kuposa adani awo, ngakhale sadali Mchewa.

Atatumikira ku Cape Town kuyambira 1864, mu 1871 adasamukira ku tauni yaing'ono ya Wellington, kumene adakhala mpaka imfa yawo. Anthu ena adadabwa kuti munthu wotchuka chotere akusiyiranji mzinda waukulu. Koma ntchito imene timawakumbukira nayo idagwiridwa kumeneko. Mu 1874 adatsegula sukulu ya atsikana ya Huguenot Seminary, ataitanitsa aphunzitsi awiri achizimayi, Abbie Ferguson ndi Anna Bliss, kuchokera ku Mount Holyoke ku America. Mu 1877 adatsegula sukulu yophunzitsa amishoni. Onani kuti munthu amene ankatchedwa wouma mutu pa chiphunzitso ndi yemweyo amene adalimbikira kuti mwana wamkazi aphunzire. Amene amaganiza kuti kusunga chikhulupiriro cha makolo ndiye kutsekera atsikana kukhitchini sangamutenge Andrew Murray kukhala mboni yawo.

Cha m'ma 1879 mawu awo adayamba kuvuta, mpaka adakhala pafupifupi zaka ziwiri osatha kulalikira. Kwa mlaliki, kutha mawu kuli ngati wogulitsa kutsekeredwa okala. Mu 1882 adakakhala milungu ingapo panyumba ya mapemphero ya Bethshan ku London, ndipo mawu adabwerera. Amene ankawadziwa adachitira umboni kuti adatuluka m'matendawo ali munthu wina, ukali wa paunyamata utasanduka kufatsa. Mabuku awo odziwika kwambiri m'Chingerezi adatuluka kuyambira nthawi imeneyo: Abide in Christ mu 1882, With Christ in the School of Prayer mu 1885, ndi Humility mu 1895. Zolemba zawo zonse, mabuku ndi timabuku, zimaposa 200, ndipo zina zikusindikizidwabe mpaka pano. Mukawerenga mabukuwa simupezamo kutukwana adani kapena kudzitama za nkhondo zakale. Nkhani yake ndi imodzi: munthu adzichepetse, apemphere, amvere.

Chiphunzitso chawo cha machiritso chidadzetsa mpungwepungwe mumpingo wawo womwe. Wophunzira wawo wina, Pieter le Roux, adachitengera patali mpaka adatuluka mu Dutch Reformed mu 1903 nkulowa mpingo wa Ziyoni, kenaka adadzakhala mtsogoleri wa Apostolic Faith Mission. Choncho abale athu a Ziyoni ndi a Pentekoste nawonso ali ndi kachibale ndi mkuluyu, ngakhale ambiri sadziwa. Kusiyana kwake nkwakuti a Murray sadagulitsepo madzi kapena mafuta m'botolo.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mu 1886 a Murray ndi abusa anzawo adayambitsa bungwe la abusa lothandiza ntchito ya mishoni, ndipo ndalama zake ankasonkha abusawo kuchokera m'matumba mwawo. Sadadikire sinodi, sadayambe ndi kupempha Akhristu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mmishoni woyamba amene bungwelo lidatuma adali A.C. Murray, mwana wa mng'ono wawo, yemwe adafika kuno mu 1888. Iye pamodzi ndi T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dera la mfumu Chiwere ku Dowa mu November 1889. Nkhoma idatsatira mu 1896. Mwana wa mng'ono wawo wina, W.H. Murray, adafika mu 1894 ndipo ndi amene adatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja. Mpingo wa Nkhoma udalowa mu CCAP mu 1926. Ngakhale inu amene simuli a CCAP, ngati mudaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika, ngongole muli nayo kwa abusa aja amene ankadula malipiro awo.

Koma ndikalekera pomwepa ndiye kuti ndakubisirani chilonda. Mu 1857 sinodi ya ku Cape idakambirana za azungu ena amene ankakana kudya Mgonero pamodzi ndi anthu akuda ndi makaladi. Sinodiyo idavomereza kuti Malemba amafuna kuti onse apembedze pamodzi, komabe idalola kuti kumene azungu ena akufooka pankhaniyi, enawo azipemphera m'nyumba yawoyawo. Amene adabweretsa ganizo lonyengererali adali bambo awo a Andrew Murray, omwe aja opempherera chitsitsimutso Lachisanu. Chimene chidayamba ngati chilolezo chidasanduka mwambo, ndipo mu 1881 mpingo wapadera wa makaladi udakhazikitsidwa ku Wellington, tauni yomwe a Murray adali mbusa. Pazaka zonse zimene iwo adatsogolera sinodi, chigamulo cha 1857 sichidafufutidwe.

Apa mpamene pamandiwawa. Mpingo umene udalolera kuwoloka nyanja mpaka ku London chifukwa cha chiganizo chimodzi cha m'katekisma, udagonjera mamembala ake pa nkhani imene udavomereza wokha kuti Baibulo likunena momveka. Kulimbana ndi Kotzé kudali kosavuta, popeza alimi olemera amene ankapereka zopereka adali mbali ya sinodi. Kuwauza alimi omwewo kuti amwere chikho chimodzi ndi antchito awo, pamenepo ndi pamene pankafunika mtima wa mkango, ndipo mtimawo udasowa. Sindikunena kuti a Murray ndiwo adayambitsa tsankho la apartheid, adamwalira kalekale lisanakhale lamulo mu 1948, ndipo adathera moyo wawo pofuna kuti anthu akuda amve Uthenga. Koma mpanda umene m'badwo wawo udaulekerera, adzukulu awo adaumanga ndi simenti nkuupezeranso mavesi. Zidatengera bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse, pamsonkhano wa ku Ottawa mu 1982, kuti linene kuti kuteteza tsankho ndi Baibulo ndi chiphunzitso chonama. Ndipo udali mpingo wa makaladi uja wobadwira ku Wellington umene mu 1986 udavomereza chivomerezo cha Belhar, kukumbutsa mayi wake zimene mayiyo adaziwona mu 1857 nkuzitaya. Amene akufuula lero kuti tibwerere ku chikhulupiriro cholimba ndimagwirizana nawo pa zambiri, koma ndimafuna ndiwamve akulimbanso pa tchimo la amene amakhala kutsogolo m'tchalitchi, osati la ofooka okha.

Mayi Emma adamwalira mu 1905, ndipo chaka chotsatira a Murray adapuma pa ubusa, koma kulemba sadasiye. Manja atafooka, ankangoyankhula mwana wawo wamkazi nkumalemba. Adamwalira ku Wellington pa 18 January 1917 ali ndi zaka 88. Buku Lopatulika lidasindikizidwa patapita zaka zisanu, mu 1922.