FRIEDRICH SCHLEIERMACHER, MPHUNZITSI WA KUMVETSA MAU

Friedrich Schleiermacher anabadwa m'caka ca 1768 m'mzinda wa Breslau, umene tsopano uli m'dziko la Poland. Atate wace anali mbusa wa asilikari, ndipo anamtumiza ku sukulu ya mpingo kuti nayenso adzakhale mbusa.

Koma mnyamatayo anali wokonda kufunsa, ndipo zina zimene anamphunzitsa kumeneko sizinamlowe mumtima. M'caka ca 1787 analembera atate wace kalata yoŵauza kukayika kwace konse. Atate ataŵerenga anapsa mtima, namyankha ndi mau oŵaŵa, pakuti anayesa kuti mwana wao wataya Mulungu. Komabe anamlola kukaphunzira ku sukulu yaikuru ya ku Halle. Panapita zaka asanamvane bwino, koma anayanjananso atate asanamwalire m'caka ca 1794.

M'caka ca 1804 Schleiermacher anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo ya ku Halle. Patapita zaka ziŵiri ankhondo a Napoleon analanda mzindawo, natseka sukuluyo. Pamenepo iye anamka ku Berlin, nathandiza kukhazikitsa sukulu yaikuru yatsopano imene inatsegulidwa m'caka ca 1810. Pakati pa mlungu anali kuphunzitsa, pa Sabata anali kulalikira, ndiponso anali kumasulira mabuku a Plato kucokera m'Cigriki kunka m'Cijeremani.

Nchito ya kumasulirayo inamdziŵitsa kanthu kakakuru. Anthu ambiri amayesa kuti kumva mau a mnzao nkwapafupi. Iye anaphunzitsa kuti kusamvana kumadza kokha monga udzu m'munda, koma kumvana kumafuna khasu. Woŵerenga ayenera kudziŵa bwino cinenero ca wolemba, ndiponso kufunsa kuti wolembayo anali munthu wotani, anakhala liti, ndipo analembera yani.

Anaphunzitsanso kuti liu limodzi silimveka palokha. Kuti munthu amve liu limodzi la m'kalata ayenera kuŵerenga kalata yonse. Koma kalata yonseyo siimveka ngati samva mau ace limodzi-limodzi. Cifukwa cace woŵerenga wanzeru amafika ku mapeto, nabwereranso ku ciyambi, ndipo paulendo waciŵiri amaona zimene zinambisikira poyamba. Nzeru imeneyi ophunzira amaicha hermeneutics, dzina locokera ku Cigriki, ndipo ithandiza omasulira, abusa ndi oweruza milandu.

Schleiermacher anamwalira ku Berlin pa 12 February 1834, ndipo anthu zikwi zambiri, olemera ndi osauka omwe, anaperekeza maliro ace. Munthu amene atate wace sanamumvetse paubwana anatha moyo wace kuphunzitsa anthu kuti asafulumire kuweruza mau a wina asanawamve onse.

MAFUNSO
1. Cifukwa ninji atate a Schleiermacher anapsa mtima?
2. Ncifukwa ciani anacoka ku Halle?
3. Kodi kuŵerenga kalata kaŵiri kuthandiza bwanji?