Ramanujan: kalaliki amene Chingerezi chidamugwetsa

Anzanga amene tidaphunzira limodzi mukumbukira kagulu kathu ka Additional Mathematics. Tinkatsalira m'kalasi masana ena ali ku mpira, mwezi wa June nkhungu itatsika m'phiri la Zomba, zala zitauma ndi chisanu. Tsiku lina titakwera phirilo mpaka ku mathithi a Williams, aphunzitsi athu a masamu adatifotokozera za Srinivasa Ramanujan. Cholinga chawo chidali kutichenjeza, koma ife tidangomva mbali yokomayo.

Ramanujan adabadwa pa 22 December 1887 ku Erode, kumwera kwa India, ndipo adakulira ku Kumbakonam. Bambo ake adali kalaliki m'sitolo ya nsalu. Ali ndi zaka ngati 13 adamaliza yekha buku la trigonometry la S. L. Loney. M'chaka cha 1903 adapeza buku la G. S. Carr, lokhala ndi mfundo za masamu zikwi zingapo zongondandalikidwa, zambiri popanda kusonyeza njira yake. Mnyamatayo adayamba kufufuza njirazo payekha, kenaka n'kumatulukira zake zatsopano. Mapepala adali okwera mtengo, choncho ankawerengera pa sileti n'kulemba yankho lokha m'kope.

Apa ndi pamene padagona chenjezo la aphunzitsi athu. Mu 1904 adapata thandizo la maphunziro pa koleji ya boma ku Kumbakonam, koma adataya maphunziro ena onse chifukwa cha masamu. Adalephera Chingerezi ndipo thandizolo adamulanda. Adakayesanso ku Pachaiyappa's College mumzinda wa Madras, nakalepheranso. Zoterezi sizachilendo kwa ife. M'kagulu kathu mudali mnyamata amene tonse tinkakopera kwa iye calculus. Adakhoza masamu onse awiri mwapamwamba, koma Chingerezi sadapeze credit pa MSCE. Ine wapakatikatine ndidalowa ku Chancellor College, iye adabwerera kumudzi. Mpaka lero zimandiwawa.

Chimene chimandigwira mtima, monga wogwira ntchito m'boma, n'chakuti amene adamutola Ramanujan adali anthu a m'maofesi ngati ife. Atakwatira mu 1909 adayendayenda ndi makope ake kusaka ntchito. R. Ramachandra Rao, bwanamkubwa wa boma la Nellore, adamumvetsera ndipo adayamba kumupatsa ndalama mwezi ndi mwezi. Mu 1912 adalembedwa ukalaliki pa doko la Madras, malipiro ake marupi 30 pa mwezi, ndipo akuluakulu ake kumeneko adamulimbikitsa kuti alembere akatswiri a ku England. Ndimadzifunsa: munthu wopanda satifiketi atafika pa desiki yanga ndi kope lodzaza manambala, kodi sindingamuuze kuti abwere mawa?

Awiri amene adawalembera poyamba sadamuthandize. Wachitatu, G. H. Hardy wa ku Cambridge, adalandira kalata mu January 1913 ndipo adazindikira kuti wolembayo sadali munthu wamba. Ramanujan adafika ku England mu 1914, nkhondo yaikulu ili pafupi kuyamba. Sankadya nyama, chakudya chake chidasowa, kuzizira kudamusautsa, ndipo adadwala kwambiri. Komabe mu 1918 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, munthu amene koleji ziwiri zidamukana.

Amene mukadali ndi mutu wa masamu yesani ichi. Hardy atapita kukamuzonda adadandaula kuti nambala ya galimoto imene adakwera, 1729, idali yopanda kanthu kosangalatsa. Wodwalayo adamusonyeza kuti ndiyo nambala yochepetsetsa imene imatuluka m'njira ziwiri pophatikiza ma cube awiri: 1728 ndi 1, komanso 1000 ndi 729.

Adabwerera kwawo mu 1919 ndipo adamwalira pa 26 April 1920, ali ndi zaka 32. Mapepala amene adalemba m'chaka chake chomaliza adakapezeka mu 1976 m'laibulale ya Trinity College, atawafukula George Andrews, ndipo akatswiri adatha zaka zambiri kutsimikiza zimene zidalembedwamo.